Kunja kunaphwa, pakati panali pasanafe

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, moni nonse. Ambuye alemekezeke!

Mawuwa mundikhululukire. Ndi omwe anatsala. Botolo la madzili musalidabwe. Malovu anandithera, ndizimwa apa ndi apo.

Ambiri mukundidziwa. Kwa alendo, ndine Gelesomu, wa kutsidya kwa dambo, njira ya ku Kabudula. Mkazi wanga ndi uyo wakhala kumbuyoyo, Nabanda. Ntchito yanga inali fodya wa bale. Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi. Kulankhula pagulu si khalidwe langa. Abusa akhala akundipempha, lero ndati ndithane nazo.

Chinayamba ngati mwanabere. Apa, pansi pa khutu. Sichinkapweteka. Chosapweteka mlimi sachiwerengera. Ndinali ndi nazale kudimba yofuna kuthirira. Chinakula, chinafika ngati dzira la nkhuku. Ndinayamba kutseka batani la kukhosi. Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ine batani lotseka. Nabanda ankati, “Bambo, tiyeni kuchipatala.” Ine ndinkati, “Tiwokere kaye fodya.” Titawokera ndinati, “Tithire kaye feteleza.”

Tsiku lina chimanga chokazinga chinandikanika kumeza. Ndi pamene ndinapita.

Kuchipatala cha kwathu kuno anandigwira pakhosi, anayang'anizana, basi ananditumiza kuchipatala chachikulu ku Lilongwe. Kumeneko anadula kanyama kukapima. Anandibaya jekeseni wotenthetsa thupi lonse, n'kundilowetsa m'makina ojambula, obulungira ngati tayala la thirakitala. Kenako anandiuza. Khansa.

Khansa, abale! Ine ndinkayesa ndi matenda a anthu a m'tauni.

Anati aiwotcha ndi cheza cha makina. Moto wake suoneka. Tsiku ndi tsiku, kupatula Loweruka ndi Lamulungu, kwa masabata angapo, osadumphitsa. Tinakakhala ku Mtandire kwa mlamu wanga Sitefano, mlongo wake wa Nabanda. Fodya tinasiyira ana, ali m'munda, masamba a pansi atayamba kukhwima.

Kuchipatalako anandiumbira chigoba cha pulasitiki, chophimba nkhope mpaka m'mapewa. Amachimangirira kubedi kuti mutu usagwedezeke powotcha. Sitefano atamva anaseka mpaka kugwira m'nthiti.

“Alamu, gule munamukana muli mnyamata, lero mwadzavalira chigoba m'tauni? Nanga ng'oma akukuimbirani ndani?”

Ndinati, “Iwe, khala chete.” Nabanda anaseka nawo. Ine ayi.

Masabata oyamba chotupa chinaphwa. Chinaphwadi. Batani linayamba kutseka osakoka. Ndinagwira, ndinagwiranso. Ndinati basi, ndachira.

Nthawi yomweyo mwana wanga wamkulu, Chikondi, anaimba foni. Mvula siikudula. Fodya wakhwima yense pakamodzi, wina m'chigafa wayamba chuku. Manja achepa. Alimi muli muno mukudziwa. Fodya sadikira munthu. Chaka chonse chimakhala m'chigafamo: chakudya, sukulu ya ana, zonse.

Ndinalongedza chikwama. Ndinauza Nabanda kuti mawa tikatsanzike kwa dokotala, tikwere minibasi.

Dokotala wake anali mayi wamng'ono, msinkhu wa Chikondi. Ndinati, “Adokotala, zikomo. Chotupa chaphwa. Ndikupita kukathyola fodya.”

Anandiyang'ana. Anati, “Bambo, takhalani pansi. Muone kaye khosi lanu.”

Anatembenuza kompyuta. Chinali chithunzi chija anandijambula ndisanayambe kuwotchedwa. Anati ili ndi fupa, iyi ndi njira ya chakudya, ichi ndiye chotupa. M'mphepete mwake munali mowala. Pakati panali pakuda.

“Mowalamu magazi akufika,” anatero. “Magazi ndi amene amanyamula mpweya timapumawu. Pamene pali mpweya, cheza chimagwira msanga. N'chifukwa chake kunjaku kwaphwa. Koma chotupa chikakula, cham'katimu magazi safika bwino, mpweya umachepa. Pakati penipeni pamafa pokha. Pozungulira pakepo pamatsala khansa yamoyo, yozolowera mpweya wochepa. Yokanika ndi imeneyo, siimva cheza msanga. Maiko ena ali ndi makina oonetsa malo osowa mpweyawo bwinobwino, amawala ngati nyali. Athuwa amangotionetsa mthunzi wake. Ndiye sitiyerekeza kulekeza panjira. Mukapita lero ibweranso, ndipo ibwera yolusa.”

Ndinati, “Koma ndikugwira ndekha, palibe kanthu.”

Apa Nabanda analankhula. Pamaso pa dokotala.

“Bambo a Chikondi, kodi fodya wa chaka cha maliro a amayi anu uja munamudinda ali bwanji?”

Ndinati, “Zikugwirizana pati?”

“Ndinakuuzani kuti mitsempha ya pakati pa masamba sinaume. Inu kugwira nsonga zokha, kumva tswatswa, basi mukuti wauma, bweretsani jeke yodindira mabelo. Belo lija linabwerera kuchokera kumsika lili bwanji?”

Linabwerera lakuda m'kati, lonunkha. Kunja linali lokongola.

Dokotala za mabelo sankazidziwa. Anafunsa. Nabanda anamufotokozera zonse, mpaka za ngolo imene inalinyamula. Anasekera limodzi. Ine maso anali pakuda paja. Kenako ndinati, “Chigoba chija chili kuti?”

Ndisanatuluke anandifunsanso za kusuta. Ndinati chingambwe basi, kamodzikamodzi. Anati utsiwo umalanda malo a mpweya m'magazi, ndiye kuti ndikuthandiza chotupa. Kathumba kanga ka fodya Nabanda anakaponya m'ngalande ya panja pa chipatala. Sanandifunse.

Abale, musaganize kuti kuyambira pamenepo zinakoma. Ayi. Masabata otsalawo ndiwo anali oipa. Khungu la pakhosi linapsa, linasupuka. M'kamwa zilonda zokhazokha. Madzi enieniwa ankacheka ngati lezala. Phala Nabanda ankalisungunula mpaka kusanduka madzi, ine kumwa ndi supuni, misozi ikutuluka yokha. Thalauzi ndinkalimanga ndi chingwe. Mawu anathawa. Sitefano analeka nthabwala. Ndi pamene ndinadziwa kuti ndafika poipa.

Pemphero lalitali sindilidziwa. M'chigoba muja, makina akulira, ndinkanena mumtima mawu awa: Ambuye, pakati paja dzanja langa silifika. Fikanipo Inu. Mawa lake omwewo. Mkuja omwewo. Sindinawonjezere.

Ndinamaliza. Sindinadumphitse ngakhale tsiku limodzi.

Kuno kumudzi, abambo a mpingo uno munalowa m'munda mwanga. Sindinakupempheni. Munathyola, amayi munasoka, anyamata munapachika. Munasiya minda yanu, nanunso mvula ikukuvutani. Fodya wina anapulumuka. Wambiri anawola. Si vuto lanu, inali mvula. Nditabwera ndinamupeza ali mulu kuseri kwa chigafa, wakuda bii. Ndinaima, ndinayang'ana.

Nabanda anati, “Mukulira?”

Ndinati, “Ayi. Wawola ndi fodya.”

Chaka chimenecho tinadya movutika. Tinadya ndithu.

Patapita miyezi anandijambulanso. Dokotala yemwe uja anayang'ana pakompyuta nthawi yaitali. Anati, “Sindikuchiona.”

Ndinati, “Ndiye ndachira, eti?”

Anati, “Ndati sindikuchiona. Muzibwera tizikuonani.”

Ndiye ndimapita. Tsiku likakwana ndimapita, kaya ndi nthawi yobzala, kaya yokumba mtedza. Mawu oti “kaye” aja ndinawasiya.

Lero moyo wanga uli chonchi. Fodya ndinaleka, kulima ndi kusuta komwe. Ndikulima mtedza ndi soya. Chigafa chinasanduka khola la mbuzi. Zouma sindidya, chimanga chokazinga tinatsanzikana. Khasu ndikugwira, koma dzuwa likakwera ndimaweruka. Nyimbo sindiimba, ndimangotsegula buku. Nabanda akuti mpingo sunataye kanthu.

Ndikuthokoza Mulungu. Anafika pamene ine sindikanafika. Ndikuthokoza dokotala uja, sanandikalipire, anangondionetsa. Ndikuthokoza Sitefano, anatipatsa chipinda chake iye n'kumagona pabalaza. Ndikuthokoza inu munalowa m'munda mwanga. Nabanda, nawenso. Za belo lija unanena zoona.

Chomaliza. Polowa muno ndaona abambo ena batani lotseka mpaka kukhosi, kunja kukutentha chonchi. Mwina ndi ulemu wa tsiku la Mulungu. Mwina ayi. Sinditchula munthu. Langa ndi ili, ndatsegula. Onani chipserachi, si chochititsa manyazi. Amene ali ndi kanthu pakhosi, kaya pansi pa lilime, andipeze panja tikaweruka. Lachiwiri ndikupita ku Lilongwe kukajambulitsa. Njira ndikuidziwa. Tipitira limodzi.

Ambuye akudalitseni. Ndakhala pansi.