Anandifunafuna pa wilibala m'madzi a ku Kanyama

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse. Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, abale ndi alongo, landirani moni wanga. Aleluya! Kumbuyoko simunamve? Ndati aleluya!

Ine ndine Esinati, mkazi wa malemu bambo Tembo. Ambiri mumanditchula kuti amake Madalitso. Ndinabadwira ku Matero. Atate anga anachokera ku Dedza ali mnyamata kudzagwira ntchito kuno ku Lusaka, ndipo sanabwererenso. Lero ndaima pano ndi miyendo yanga. Inalipo nthawi imene miyendo yomweyi inakana kundinyamula.

Abale, mwamuna wanga anali munthu wa mabuku. Ankagwira ntchito pa fakitale ina ku Indasitiriyo. Anzake akalandira malipiro ankapita kumowa. Iye ankapita m'tauni kwa anthu oyala mabuku akale pansi, n'kubwera nalo limodzi m'thumba la jekete. Anakhoma yekha mashelefu a matabwa a mabokosi a makina. Lamulungu masana tinkakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, iye akuwerenga mokweza, ine ndikusenda mtedza. Akapeza mawu omukomera ankalemba ndi pensulo m'mphepete mwa tsamba kuti, "Esinati amve izi." Matenda okonda mabukuwa ndinawatengera kwa iye.

Kenaka inafika nthawi ija yogulitsa makampani. Mukuikumbukira. Fakitale inagulitsidwa, amuna athu anauzidwa kuti apite kunyumba. Ine ndinali nditaphunzira kutaipa ndili mtsikana, choncho ndinapeza ntchito pa kasitolo kena m'tauni, kotaipira anthu makalata. Munali makompyuta anayi a intaneti, chinthu chatsopano masiku amenewo. Nthawi ya nkhomaliro bwana ankandilola kukhalapo pang'ono.

Kasitomala wina atandiona ndi buku pa tebulo, anandilowetsa m'gulu la anthu okonda kuwerenga, olemberana pa imelo. Tinali ochepa, ndipo sitinaonanepo maso ndi maso. Wina anali ku Kitwe, wina anali namwino kutsidya la nyanja. Ku Zomba kunali bambo Chirwa, mphunzitsi wopuma pa ntchito. Kuno ku Lusaka kunali mayi wina wa Chibemba, ba Mwansa. Lamulo linali limodzi. Lachisanu lililonse ulembe zinthu ziwiri: ukuwerenga chiyani, ndipo kunyumba kuli bwanji.

Tinkauzana zonse. Mwana wakhoza mayeso, denga likudontha, buku lakuti landiliza. Koma ba Mwansa ine sindinkawakonda. Ndinene zoona, ndili m'nyumba ya Mulungu. Mayi ameneyu ankayamba buku ndi tsamba lomaliza! Akatero n'kutiuza tonse mmene nkhani yathera. Tsiku lina ndinawalembera kuti khalidwe limenelo n'chimodzimodzi kudya ndiwo zikadali pamoto. Anandiyankha kuti moyo ndi waufupi, alibe nthawi yodikira. Mumtima ndinkati ameneyu ndi dona wa kumayadi, wa galimoto, wosadziwa mavuto.

Ndiye mwamuna wanga anayamba kudwala. Kutsokomola. Kuwonda. Thukuta. Miyezi isanu ndi iwiri ndikumusambitsa, ndikumutembenuza. Anamwalira m'manja mwanga dzuwa likuswa mtengo. Zimenezi ndinalembera gulu, ndipo onse anandipepesa.

Koma zotsatira zake sindinalembe.

Tsiku lachitatu titaika maliro, alamu anga, mkulu wake wa malemu, anabwera ndi lole. Anati, "Mlamu, vinthu ivi ni va m'bale wathu. Imwe ndimwe munamudwalitsa." Anatenga bedi. Anatenga mipando, mapoto, ngakhale nsapato za malemu. Anatenga mabuku onse m'masaka. Ndinagwada pansi, ndinati, "Alamu, tengani zonse, koma mabuku ndisiyireni." Sanandiyang'ane n'komwe. Pomaliza anati ana sangakhale ndi mayi amene afa posachedwa. Madalitso, wamkazi, anali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Yohane anali ndi zisanu ndi chimodzi. Anawakweza pamwamba pa katundu, ulendo wa kumudzi ku Katete. Yohane ankakuwa, "Amayi, kwerani! Malo alipo!" Ine ndinangoima pa geti. Ndikanatani? Abale, ndikanatani?

Nyumba anaikamo anthu ena. Ine ndinapeza kachipinda ku Kanyama.

Patapita milungu iwiri ndinadutsa pamsika wa ku Matero, ndinagula chitumbuwa. Mayi wogulitsa anachikulunga m'pepala. Nditayang'ana pepalalo ndinaona pensulo ya mwamuna wanga m'mphepete, mafuta atalowerera pa dzina langa. Ndinafunsa, "Mwalitenga kuti ili?" Mayiyo anati, "Amayi, ni pepala chabe. Wina anatigulitsa saka yonse." Ndinayang'ana pansi pa tebulo lake. Mabuku athu anali pamenepo, zikuto zitang'ambidwa. Sindinalire. Ndinachoka ndi chitumbuwa m'manja, sindinachidye.

Lachisanu ndinakhala pa kompyuta. Ndinalemba kuti, "Kuno tili bwino." Bodza. Lachisanu linalo, "Tili bwino, Mulungu ndi wabwino." Bodza. Ndinkachita manyazi. Anthu aja ankandidziwa monga mayi wa mashelefu ndi mtengo wa mapeyala. Ndikanawauza bwanji kuti ndikugona pa saka? Kalata yomaliza ndinalemba kuti ndasamuka, malo ndi abwino, kungoti pafupi pali bambo wokhoma mbaula amene nyundo yake siipuma.

Nanenso chifuwa chinandigwira. Bwana anandiitana kuseri. Anati makasitomala akuopa, ndikapume kaye. Ndinadziwa kuti kupuma kwake n'kosabwerera.

Mvula inayamba. Inu a ku Kanyama mukudziwa. Madzi sapita kulikonse. Amatuluka pansi, amalowa pakhomo, amasakanikirana ndi za m'zimbudzi. Ndinasanjika njerwa, ndinagonekapo chitseko chakale, ndiye bedi langa. Pansi ponse madzi. Patapata wanga ankayandama, kupita kukhoma, kubwerera. Ndinkangomuyang'ana tsiku lonse. Mphamvu yodzuka ndinalibe. Mayi woyandikana naye ankakankhira phala pakhomo ndi ndodo, kuopa kulowa. Sindimuimba mlandu, anali ndi ana ang'ono. Kunja ndinkamva anthu akuti, "Uja wa m'chipinda chothera, ni vija vamene vinatenga mwamuna wake."

Kutchalitchi ndinali nditasiya. Ku Matero ankaganiza kuti ndinapita kumudzi. Ku Kanyama palibe amene ankadziwa dzina langa. Ndinayesa kupemphera, mawu anakana. Ndinayesa nyimbo, chifuwa chinakana. Ndinangoti, "Ambuye, ndatha. Ngati mukunditenga, fulumirani. Koma Yohane wina amuuze kuti sindinakane kukwera." Pemphero langa linali lomwelo. Mmawa lomwelo. Masana lomwelo.

Sindinadziwe kuti kwinaku anthu akundiwerenga.

Bambo Chirwa ku Zomba ndiwo anayamba. Analembera gulu kuti, "Makalata atatu omaliza a mayi Tembo mulibe dzina la buku ngakhale limodzi. Mulibenso dzina la mwana. Tsopano angoti zii. Munthu ameneyu sali bwino. Ali ku Lusaka ndani?" Ku Lusaka kunali munthu mmodzi yekha. Yemwe uja sindinkamukonda.

Ba Mwansa anapita kusitolo kuja. Bwana anati amangodziwa kuti ndi ku Kanyama. Kanyama yonse ija! Anasindikiza makalata anga onse, n'kupeza za wokhoma mbaula. Loweruka loyamba anafunafuna, osandipeza. Okhoma mbaula ku Kanyama ndi ambiri. Loweruka lachiwiri, osandipeza.

Loweruka lachitatu, cha m'ma teni koloko, ndinamva phokoso panja. Mawu a mzimayi akukalipira munthu. "Imwe ba draiva, yendetsani bwino, muzanigwetsa mu manzi!" Chitseko chinakankhidwa. Ndinaona wilibala, ija amanyamulira anthu pamadzi. Bambo wina akuikankha. M'katimo munakhala kamayi kakang'ono, ka magalasi okhuthala, ndodo ziwiri zoyendera zili pamiyendo. Miyendo yake inapuwala ali mwana. Dona wa galimoto uja ndi ameneyo. Ankagwira ntchito yoyankha mafoni pa ofesi ina, ndipo ankakhala m'zipinda ziwiri ku Mtendere.

Anandiyang'anitsitsa. Kenaka anati, "Ndimwe ba Esinati?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Ine ndine Mwansa, uja wa tsamba lothera. Mwanivutitsa maningi. Ndiye 'tili bwino' wanu ni uyu?"

Abale, ndinalira. Misozi imene inakana pa geti, imene inakana pamsika, inatuluka yonse. Ndinati, "Musalowe, mutenga matenda." Anati, "Nalowa kale."

Anatsika m'wilibala. Anauza bambo uja kuti andinyamule andiikemo. Ndinati, "Nanga inu?" Anati, "Ine nili na miyendo inayi, imwe mulibe olo umodzi." Tinanyamuka kupita ku kiliniki. Ine m'wilibala. Iye pambuyo, ndi ndodo zake, madzi akumufika m'mawondo, sakuona pamene akuponda. Anagwa kawiri. Kawiri konse anadzuka akukalipa. Ine sindikanatha ngakhale kumutambasulira dzanja.

Anandipeza ndi chifuwa chachikulu. Anati mankhwala ake ndi a miyezi yambiri, ndipo pafunika munthu woonetsetsa kuti ndikumwa. Namwino anafunsa, "Wachibale ndani?" Ba Mwansa anati, "Lembani ine." Ananditengera kwawo ku Mtendere, anandigoneka pa matiresi m'chipinda chochezera.

Musaganize kuti ndinachira pomwepo. Ayi. Mankhwala ankandisanzitsa. Ndinkakana kudya. Ndinkati ndichire chifukwa cha yani? Akaweruka ankabwera ndi makalata a gulu atasindikiza, n'kundiwerengera. Bambo Chirwa analemba kuti, "Mwana wanga, lamulo lathu linali loti unene mmene kunyumba kulili, osati mmene ukufunira kuti kukhale." Ndinapempha ba Mwansa awalembere onse zoona zake. Zonse, mpaka za chitumbuwa.

Kenaka mabuku anayamba kufika. Lina pa basi kuchokera ku Kitwe. Lina pa positi kuchokera ku Zomba. Akale, opindika m'makona, ena a mayina a eni ake. Koma maso anga sankatha kutsata mizere. Tsiku lina ba Mwansa anatenga limodzi lalikulu, anatsegula kumapeto, anayamba kuwerenga. Ndinati, "Mukutani?" Anati, "Simufuna kudya. Ngati muzafa mawa, mufe mudziwa mwamene yathera."

Ndinaseka! Ndinaseka mpaka kutsokomola, mpaka misozi. Ndinali nditaiwala kuti m'thupi mwanga muli chiseko. Ndinati, "Tsekani. Yambani pa tsamba loyamba." Anati, "Ni yaitali iyi." Ndinati, "Ndidikira." Anati, "Ndiye idyani." Ndinadya.

Buku limenelo tinaliwerenga miyezi iwiri, masamba ochepa pa tsiku. Chakumapeto ndinkawerenga ndine.

Namwino uja wa kutsidya la nyanja anandilembera kalata ya ine ndekha, kundilimbitsa mtima kuti ndikayezetse magazi. Ndinaopa milungu itatu. Ndinapita. Anandipeza nako kachilombo. Ndikunena pano pamaso panu, sindikubisanso kanthu. Ndili pa mankhwala, ndimamwa tsiku lililonse, ndipo ndili moyo. Wina ngati wakhala pa benchipo ndi mantha omwe ndinali nawo, andipeze tikatuluka.

Za ana, m'gulu munali wina wodziwa malamulo. Anatiuza kolowera ndi zoti tilembe. Kalatayo ndinaitaipa ndekha. Apo n'kuti nditayamba kupemphera muno, ndiye akulu a mpingo uno awiri anapita nayo ku Katete. Anabwera ndi Madalitso. Anali atamusiyitsa sukulu, akulera ana a eni. Atatsika basi sanandizindikire. Ndinachita kumuitana dzina kawiri.

Yohane sanabwere. Alamu akuti mwana wamwamuna ndi wa kwawo. Nkhani ikadali m'manja mwa akuluakulu. Ndamuona kamodzi kokha. Watalika. Anandipatsa moni wa manja awiri, ngati mlendo. Pamenepa sindinganame kuti zatheka. Sizinatheke. Mundipempherere, ndipo mumupempherere mwana wanga.

Lero ndikukhala ku Chawama kuno, zipinda ziwiri, pouma. Ndikutaipa pa sukulu ina. Madalitso wabwerera m'kalasi. Nyumba ya ku Matero inapita, sindiiyembekezeranso. Bambo Chirwa anamwalira chaka chatha, sindinawaonepo nkhope. Mwana wawo ndiye anatilembera.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandimva pamene ndinalibe pemphero labwino. Ndikuthokoza akulu amene anakwera basi chifukwa cha ine. Ndikuthokoza amayi amene munandilandira osasuntha pa benchi.

Ndipo ba Mwansa ali muno. Si a mpingo wathu, ndachita kuwakakamiza. Anandiopseza kuti ndikawatchula atuluka. Ndi awo apo, pa benchi lachitatu, avala chitenje chobiriwira, akundiyang'ana moipa. Musawauze kuti aimirire. Anaima kale mokwanira chifukwa cha ine. Ife ndife tiimirire.

Imani, abale. Imani nonse.

Ambuye alemekezeke. Amen.