Chiphaso cha Malemu Makina

Tsiku la msika pa Migowi, apolisi atachita chipikisheni chosesa ana asukulu m'mabala, onse analiyatsa liwiro kupatula Lekani wa ku Kaduya, mnyamata wa zaka 16, amene anangokhala phee pampando n'kutulutsa chiphaso cha unzika cha malemu amalume ake. Dzuwa lisanapendeke anali ali pabenchi kupolisi, maso ndi maso ndi Sajeni Peggy, mayi wa ku Rumphi amene ankatenga mawu a munthu monga momwe atulukira mkamwa, ndipo chimene Lekani ankaopa sichinali chitokosi ayi, koma kuti nkhaniyi ingafike kwa amayi ake.

“Dzina lako ndani, iwe?”

“Iwe ndi mwana wanu,” anatero Lekani, akupinda manja a jekete lomwe linkamufika m'maondo. “Ine ndine a Makina Davison.”

Sajeni anayang'ana chiphaso, nayang'ana Lekani, nabwereranso pachiphaso.

“Chabwino. A Makina, pachithunzipa muli ndi dazi.”

“Tsitsi linamera.”

“Nanga ndevuzi zinapita kuti?”

“Zinasamukira kumutu.”

“Pano alemba kuti munabadwa mu 1968.”

“Ngati alemba, mukundifunsiranji ine? Analemba ndi a boma anzanu.”

Sajeni analemba zonsezo, ndi za ndevu zomwe. Lekani ataona kuti cholembera chikumumvera, mtima unakhala m'malo, mwendo n'kukwera pamwamba pa unzake.

“Tamverani, bwana. Inu ndinu obwera, za kuno simukuzidziwa. Amalume atatisiya chaka chatha, tsiku lometa abale anandikhazika pamphasa n'kundilowetsa dzina lawo. Jekete ili anandiveka pamaso pa anthu. Njinga anandipatsa, khasu anandipatsa. Mbumba yonse ili m'manja mwangamu. Amayi amene anandibereka amanditchula kuti achimwene. Ndiye chiphaso chokha n'chimene chikane?”

“Ndiye kuti a Makina anamwalira.”

“Anamwalira, ee.”

“Nanga inu ndinu ndani?”

“A Makina.”

Sajeni anaika cholembera pansi. “Munamwalira liti?”

“Mu Ogasiti.”

“Pepani kwambiri.”

“Zinachitika, bwana. Ndi njira ya tonse.”

“Munadwala nthawi yaitali?”

“Aa, ayi. Chifuwa chabe. Ndinangogona, basi.”

Sajeni anapukusa mutu mwachisoni chenicheni, kenako anatsamira patebulo.

“Ndikuuzeni mmene lamulo likunenera, bambo. Chiphaso cha munthu womwalira chimabwezedwa ku boma, ndipo kuyenda ndi chiphaso cha mwini ndi mlandu. Koma wochita zimenezo akakhala mwana, sitimuponya m'chitokosi ndi akuluakulu. Timaitana kholo, timaitana a zachisamaliro cha ana, timamulangiza, akagona kwawo. Wogulitsa mowa kwa mwanayo ndiye amatuluka thukuta. Tsono ngati muli mwana, ingonenani, ndiimbire mayi anu.”

Atamva zoti mayi anu, Lekani anaona m'maganizo mwake mkazi wamfupi akutsika pakabaza, chitenje atamanga m'chiuno, nthambi ya bulugamu ili m'manja, msika wonse wa Migowi ukumutsatira pambuyo kudzaonerera.

“Mwana ndani? Ine? Ine ndakamba maukwati awiri chaka chino chokha!”

“Mwini bala uja akutinso chomwecho. Akuti iye anagulitsa kwa munthu wamkulu.”

“Wanena zoona. Amandidziwa.”

“Akuti yunifolomu ya sukulu imene ikuonekera m'kati mwa jeketemo sanaione.”

Lekani anakoka jekete n'kumanga batani lapamwamba. Mwini balayo, munthu wa maso akuthwa oti ndalama yong'ambika amaiona ali kutsidya kwa msewu, nthawi imeneyo anali atabwerera kale kukatsegula bala lake.

“Ndi malaya a mdzukulu wanga,” anatero Lekani. “Anga ndachapa.”

“Chabwino. Ndiye mukutsimikiza kuti ndinu a Makina Davison a pachiphasopa? Osati pang'ono, koma yense wathunthu?”

“Kuyambira kumutu mpaka kuphazi.”

“Basi, mlandu wa mowa palibe. Munthu wa msinkhu wanu amamwa mmene wafunira. Wa chiphasonso palibe, poti n'chanu.”

Lekani anadzuka, nasasa jekete, natambasula dzanja kuti alandire chiphaso chake.

“Mwagwira ntchito bwino, mwana wanga. Pitirizani chomwecho, mudzakwezedwa.”

“Zikomo, bambo. Khalani pansi.”

“Ndikhale pansi chifukwa?”

“Nkhope iyi ndakhala ndikuifuna.” Sajeni anagogoda chithunzi chija ndi chala. “Dzinja la chaka chatha, m'munsi mwa Michesi. Ife ndi a zankhalango tinakupezani ndi matumba a makala panjinga. Mwaiwala?”

“Ine? Makala?”

“Inu. Ndinakumangani unyolo dzanja limodzi. Ndisanamange linalo munandikankhira m'chitedze n'kuthawa ndi unyolo wa boma.”

Lekani anakhala pansi pabenchi paja.

“Ndinadzikanda sabata yathunthu, bambo. Kutchalitchi ankayesa ndagwidwa ndi mzimu. Unyolo wanga uli kuti?”

“Unyolo... uja timamangira mbuzi?”

Mawuwo atatuluka, Lekani anagwira pakamwa ndi manja onse awiri, koma Sajeni anali atalemba kale.

“Ti-ma-ma-ngi-ra mbu-zi. Chabwino. Kuotcha makala m'nkhalango yotetezedwa. Kuthawa m'manja mwa apolisi. Kukankhira wapolisi m'chitedze. Kumangira mbuzi katundu wa boma.”

“Bwana, dikirani kaye! Anachita zimenezo ndi malemu!”

“Ee, ndi inuyo. Mwanena nokha kuti munamwalira mu Ogasiti. Izi munachita musanamwalire.”

“Iyayi! Ine ndinalowa dzina lokha!”

“Jekete munalandira?”

“Ndinalandira.”

“Njinga?”

“Njinganso, koma ilibe mabuleki.”

“Ndi yomweyo. Inalibe mabuleki ngakhale tsiku limene lija. Ndiye katundu yense munalandira, mlandu wokha n'kuusiya pamphasa? Anakusankhirani ndani?”

“Mwambo wathu sutero, bwana!”

“Ine ndine wobwera, za kuno sindikuzidziwa. Mukafotokozera a khoti Lolemba. Vulani lamba ndi nsapato, bambo. M'katimo muli anzanu a msinkhu wanu, mukambirana za kale.”

Kuseri kwa chitseko chachitsulo wina anatsokomola chifuwa chakuya, wina n'kufuula kuti alowe msanga mlendoyo chifukwa ndowa yadzadza ndipo palibe wokataya. Lekani anayang'ana chitseko chija. Nthambi ya bulugamu ija mwadzidzidzi inaoneka ngati kanthu kakang'ono, kachikondi.

Jekete linagwa pansi. Chinatsala ndi kamnyamata koonda, m'malaya oyera a sukulu osowa batani limodzi.

“Amayi Sajeni, ndine Lekani! Fomu 2! Zaka 16, taonani, ngakhale ndevu imodzi ndilibe!”

“Mwati zinasamukira kumutu.”

“Ndimanama! Maukwati aja ndinkangokhala pampando, amayankhula ndi ena! Amalumewo sindinkagwirizana nawo n'komwe, anali munthu wovuta! Imbirani amayi, chonde, nambala ndikupatsani!”

“Mukutsimikiza? Musasinthenso, pepala likutha.”

“Imbani! Muwauze abwere ndi chilichonse chimene akufuna kubwera nacho!”

Sajeni anaimba. Anafotokoza zonse mwadongosolo: bala, chiphaso, dazi, mbuzi. Kenako anayamba kumvetsera, akungoti “ee, mayi... ee... ndamva, mayi,” foni ataitalikitsa pang'ono ndi khutu chifukwa mawu a mbali inayo ankamveka mpaka pabenchi ngati wailesi yosagwira bwino. Lekani anagwada pasimenti, manja ali pachifuwa.

Sajeni anadula foni n'kuiika patebulo mosamala.

“Akubwera?” anafunsa Lekani. “Akwera kale kabaza?”

“Akuti mwana wawo Lekani ali kusukulu, kuphunzira za mayeso, ndipo ku bala sangapondeko.”

“Nanga ine?”

“Akuti inu achimwene awo ndinu munthu wamkulu, mudzionera nokha.”