Foni Ikati Ndili ku Joni

Pa siteji ya maminibasi a ku Kasenengwa, mayi wina wonyamula thumba la mtedza ankacheza ndi mtsikana wovala yunifomu.

"Mwanawe, ndimamva kuti kusukulu kwanu anatseka mavidiyo pa intaneti."

"Anatsekadi, mayi. Koma tikayatsa VPN, foni imanamizira kuti ili kudziko lina, zonse n'kutseguka. Anzanga amasankha Amereka."

"Nanga iwe?"

"Ine ndi Joni basi. Amayi anga anapita kumeneko kukagwira ntchito ndili wamng'ono. Foni ikalemba kuti ndili ku Joni, ndimatsinzina, n'kumaona ngati ndafika mumsewu wawo, kwangotsala kugogoda pachitseko."

"Nanga aphunzitsi akakugwira?"

"Amakubweza kunyumba kuti ukabwere ndi kholo."

"Sukuopa?"

"Ayi. Mwina amayi akamva zimenezo, adzabwera."