Dokotala Amene Ankasunga Mayina Athu M'mutu

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1961 konkuno ku Chichigalpa, m'banja la bambo Fanor Mairena ndi mayi Socorro Tercero. Dzina lawo ndi mayi Aura Lila Mairena, koma tonse tinkangoti Dokotala. Ine ndine Denis, mlongo wawo wamng'ono. Lero sindili ndi chisoni chokha. Ndili ndi mantha, ndipo chifukwa chake muchimva.

Sukulu anayambira konkuno, ndipo mu 1980 anapita ku León kukaphunzira udokotala. Ali m'chaka chachitatu, bambo athu, amene anali odula nzimbe, anatupa miyendo, mkodzo n'kusiya kutuluka, n'kutisiya ali ndi zaka 44. Imfa imeneyi ndiyo inawapititsa ku Mexico mu 1989 kukazama pa matenda a impso. Mu 1993 anamanga banja ndi aphunzitsi Ramiro Baldizón.

Mu 1996 anakana ntchito za mumzinda n'kudzatsegula kachipatala kuseri kwa msika. Kafukufuku wawo anali wa m'munda. M'mamawa ankayeza magazi a odula nzimbe asanagwire chikwanje, madzulo n'kuwayezanso. Anaona ndi maso awo kuti dzuwa, ludzu ndi kusapuma zingathe kumaliza impso za mnyamata wadzitho m'nyengo zochepa zodula. Lilime lawo ambiri munalilawa: "Iwe Chepe, ng'ombe imene ikudziwa pali mthunzi, iwe chakukanika n'chiyani?"

Kenaka eni minda anayamba kuyeza magazi asanalembe munthu ntchito, ndipo wa impso zofooka ankabwezedwa. Tisanamizane pamaliro, tonse tikudziwa chimene chinatsatira. Amuna anayamba kuthawa Dokotala, poopa kuti pepala lokhala ndi dzina lawo lifika kwa akapitawo. Malemu anawalonjeza kuti salemba dzina la munthu paliponse. Pa kabotolo ka magazi ankalembapo nambala yokha, osauza ngakhale mwini wake, poti pakamwa pa munthu woledzera sipasunga kanthu. Zotsatira zikafika ankabwera okha pakhomo panu ngati odzacheza. Ndinawachenjezapo kuti, "Achemwali, mutu si kabati." Iwo anangoti, "Kabati amathyola, Denis."

Pa 21 Okutobala chaka chino anatenga magazi a amuna 63. Pa 25 anagwa m'chipatala mwawo ndi sitiroko, ndipo sanalankhulenso. Zotsatira zinafika m'mawa mwake. Anamwino awo, mayi Yelba, atawerenga anapeza kuti nambala zokwana khumi ndi imodzi n'zoopsa: eni ake akadulanso nyengo ino, chowadikira ndi makina otsuka magazi kapena manda. Tinathamangira ku León kumene anagonekedwa, n'kumawawerengera nambalazo imodziimodzi. Ankatiyang'ana, misozi n'kumatsika, mlomo n'kumagwedera, koma dzina silinatuluke. Tinawapatsa cholembera, chinagwa. Anamwalira pa 3 Novembala ali ndi zaka 63.

Asiya amuna awo, ana awiri, Ivania ndi Lester, adzukulu atatu, ndi ine mlongo wawo. Banja likuthokoza ansembe athu, madokotala ndi anamwino a ku León, mayi Yelba amene sanachoke pambali pa bedi, ndi amayi nonse amene mwatiphikira khofi masiku awiriwa.

Tsopano ndimvereni. Lole yopita kuminda iyamba kunyamula anthu Lolemba. Loweruka kubwera dokotala wina kudzayezanso amuna 63 aja, koma iyeyo sakutidziwa nkhope, ndiye alemba mayina enieni. Ndikudziwa zimene mukuopa, nanenso ndinadulapo nzimbe ndili ndi ana olira njala. Koma anthu khumi ndi mmodzi aja ali pompano, ena mwa inu amene munyamule bokosili, ndipo palibe akudzidziwa. Wilmer mwana wanga, ndikukuona kumbuyoko, usawerame, nawenso unapereka magazi tsiku lija. Loweruka ndikuperekeza ndekha, ntchito ikatha ithe.

Dokotala, achemwali anga, munatisungira chinsinsi monga tinakupemphani, ndipo mwapita nacho. Cholakwa si chanu. Mulungu akulandireni, mzimu wanu uuse mumtendere.