Tchuthi cha Pasiteji Yachitatu

Pamzere wodikira basi, mayi wina anayang'anitsitsa sutikesi ya bambo wachipewa chachikulu amene anaima patsogolo pake.

"Katundu yenseyu, bambo, mukuwoloka malire?"

"Ndikupita kutchuthi, mayi. Nditsika siteji yachitatu."

"Yachitatu? Pamenepo si poyenda wapansi?"

"Pomwepo. Pali nyumba ya alendo yosanja. Impso zanga zinasiya ntchito, ndiye makina otsuka magazi amandifuna Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Nsanje yake ngati mkazi wamng'ono, sandilola kupita kutali."

"Pepani. Koma ndi tchuthi chanji chomaona denga la kwanu?"

"Limaonekadi pawindo! Chaka chatha ine ndi mayi akunyumba tinaonerera mlamu wanga akugogoda pageti pathu mpaka dzanja kutopa. Ife tinangokoka katani n'kumaseka."

"Ndiye kuti abale sadziwa?"

"Timawauza kuti tapita kutali. Kutali kwake safunsa."

"Nanga musutikesimu mwadzaza chiyani?"

"Mankhwala anga, kakapu koyezera madzi akumwa, kwinaku madiresi a mayi akunyumba. Iwo atsogola m'mawa ndi kachikwama kam'manja."

"Iii! Kukusiyani odwala pamsewu?"

"Ndawathamangitsa ndine. Zaka ziwiri akuphika miphika iwiri, wamchere ndi wopanda mchere. Ndikatsokomola pang'ono, iwo adzuka kale. Kumene tikupitaku aphika ndi ena, mbale atsuka ndi ena."

"Ine ndimayesa tchuthichi n'chanu."

"Ayi, ine ndangoperekeza. Wodwala ndine, mayi, koma wotopa ndi iwo."