Mayi Miti Anakana Kulapa Mlandu wa Munkoyo

Malemu Mayi Nelesi Miti, amene tawazungulira pano lero, anabadwa pa 9 Malichi 1927 ku Kafumbwe, m'boma la Katete. Anali achitatu m'banja la a Lungu. Sukulu anaphunzira ya mishoni, ndipo analekezera Sitandade 3, pakuti masiku amenewo mwana wamkazi akangodziwa kuwerenga ankati wakwana. Koma katekisimu amene anatola kumeneko anamusunga pamtima mpaka tsiku lotsiriza.

M'chaka cha 1946 anamanga banja la mtchalitchi ndi Bambo Yoramu Miti. Mu 1958 anasamukira kuno ku Palabana, bambo atapeza ntchito yokama ng'ombe pafamu. Eni dziko, abale athu Asoli, anawalandira bwino nawapatsa munda. Bambo Miti anatsogola mu 1971.

Ntchito imene malemu anadziwika nayo inayamba mu 1960, pamene mpingo unawapatsa ana kuti aziwaphunzitsa Mawu a Mulungu. Loweruka lililonse masana khonde lawo linkadzaza. Mwana wamanyazi sankamukalipira. Ankamuyambitsa ndi zazing'ono: athokoze Mulungu kuti mbuzi yakwawo yaswa, apempherere amake odwala mutu, kenako Pemphero la Ambuye lizibwera pambuyo. Wosuzumira mnzake pakati pa pemphero ankamugwira khutu, koma mosapweteka. Poti ana ambiri ankachokera kutali wapansi, malemu ankati mwana wanjala samva Mawu, choncho ankawaphikira munkoyo, chakumwa chathu cha ufa ndi mizu chimene ngakhale mwana woyamwa amalawa. Ufa unali wawo, nkhuni zinali zawo, ndipo malipiro panalibe.

Mu 1981 zinthu zinatembenuka. Tcheyamani wa chipani wa dera lino, amene analinso mkulu wampingo, analamula kuti Loweruka ana onse azipita kukaphunzira nyimbo zolandirira akuluakulu pamsewu. Dzina lawo sititchula, mukuwadziwa. Malemu sanakane. Anangopempha kuti ana aziyamba apemphera, kenako azipita kokaimbako. Pempho limenelo tcheyamani analimva ngati mwano, ndipo analisunga kukhosi.

Mu Okutobala chaka chomwecho dzuwa linatentha kwambiri, ndipo munkoyo wa malemu unasasa pang'ono, monga umachitira m'nyumba ya aliyense nthawi yotentha. Loweruka lina mwana wa tcheyamani, amene nayenso ankaphunzira pakhonde paja, anafika kwawo akusanza. Kukiliniki anati ndi malungo. Koma mbiri inali itawanda kale kuti Mayi Miti amwetsa ana mowa pa phunziro la Mulungu. Mowa! Munthu amene sanalawepo ngakhale dontho chibadwire!

Bwalo la akulu ampingo linakhala, ndipo linawaika pa chilango. Anawachotsa pa Mgonero wa Ambuye, anawaletsa kuvala bulauzi yoyera ya amayi a Chigwirizano, ndipo chowawa koposa, anawalanda ana. Ambiri m'bwalomo ankadziwa choonadi. Koma khadi la chipani ndi feteleza zinkadzera m'manja mwa munthu mmodzi, ndiye onse anangoti zii, maso pansi.

Njira yobwerera inalipo, ndipo inali yaifupi. Mwambo wa mpingo wathu umati wolangidwa aimirire pamaso pa Akhristu, avomere tchimo lake, alandiridwenso. Ife achibale tinawachonderera kuti angonena mawu awiri, nkhani ithe. Yankho lawo tikulikumbukira mmene analinenera: "Ine nakhala niphunzitsa ana kuti bodza ni tchimo. Manje niimilire pamaso pao niname? Mawa nizawauza chani?"

Kuyambira pamenepo malemu anakhala pa benchi la kumbuyo, pafupi ndi chitseko, kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Sanajombepo. Mbale ya Mgonero inkawadutsa pamphuno, yonyamulidwa ndi anthu amene iwo anawaphunzitsa kupinda manja. Ana akaimirira kutsogolo kulakatula mavesi, ankaona milomo ya malemu ikuyenda nawo limodzi kumbuyoko. Atafika kunyumba ndi pamene ankalira. Sankalirira Mgonero wokha ayi, ankalirira ana awo.

Ndipo tinene poyera chinthu chimene chimatipweteka. Makolo omwe anakhala chete m'tchalitchi pa mlanduwu ndi amene ankatumiza ana awo kwa malemu mobisa, podzera m'munda wa chimanga, kuti tcheyamani asaone. Mwana akamalephera mafunso a ubatizo, ankati thamangira kwa Mayi Miti. Malemu sanabweze mwana ngakhale mmodzi. Anali oyera mokwanira kuphunzitsa ana anu kuseri, koma osayenera kudya nanu pagome la Ambuye.

Mu Juni chaka chino cha 1987 anayamba kudwala chifuwa. Tinapita nawo kuchipatala ku Lusaka, koma mankhwala anali osowa, ndipo anapempha kuti abwerere kwawo. Sabata yatha kunabwera akulu ampingo awiri. Malemu atamva njinga zawo pabwalo anasangalala, napempha kuti tiwadzutse ndi kuwamanga duku, poganiza kuti awabweretsera Mgonero. Koma anabwera chimanjamanja, ndi funso lakale lomwe lija. Anawauza kuti akangovomera, adzaikidwa ndi mwambo wonse wa Chikhristu, mbusa patsogolo, bulauzi yoyera pathupi. Mpweya unali utachepa kale, koma malemu anapukusa mutu. Kenako anawapempherera akuluwo, wina ndi wina pomutchula dzina, natembenukira kukhoma. Anatisiya Lachisanu pa 14 Ogasiti, ali ndi zaka 60.

N'chifukwa chake lero simukuona mbusa pano. N'chifukwa chake amayi a Chigwirizano abwera atavala zitenje wamba, ndipo malemu agona m'bokosimu ndi diresi la kunyumba. Tinauzidwa kuti amwalira ali kunja kwa mpingo.

Malemu asiya ana anayi: Matthias, Dailes, Salome ndi Jenala, zidzukulu khumi ndi zisanu ndi ziwiri, komanso mng'ono wawo Mayi Tisauke, amene afika dzulo kuchokera ku Katete.

Banja likuthokoza amfumu potipatsa malo, anyamata amene akumba manda, a pafamu amene atithandiza matabwa ndi thirakitala, ndi amayi amene agona nafe pa siwa osaopa kuonedwa. Akulu ampingo tikuwathokozanso chifukwa cha malamulo awo. Tawasunga onse.

Lamulo lawo lomaliza likuti pamanda pano pasaimirire mbusa kapena mkulu wampingo kutsogolera pemphero. Koma silinatchule ana. Choncho tikupempha aliyense amene anaphunzira kupemphera pakhonde la malemu, kaya ndi wa imvi, kaya ndi wa Giredi 1, aimirire tinene pamodzi Pemphero la Ambuye. Amene mukuopa kuonedwa, khalani pansi, palibe akukakamizeni. Mwakhala kale pansi zaka zisanu ndi chimodzi.

Mayi Nelesi Miti, pitani kwa Woweruza amene safunsa khadi. Mzimu wanu uuse mumtendere.