Shedi ya Sikelo Tinaimanga Pakhwawa

Chaka chathachi ndinali ndi zaka 71, ndipo ndinali wapampando wa komiti ya chitukuko m'mudzi mwathu kuno ku Mangochi. Mu Novembala bungwe lina linatipatsa simenti ndi malata kuti timange shedi ya sikelo ya ana. Linati tikapanda kumaliza chaka chisanathe, katunduyo apita kumudzi wina.

Mkangano unabuka pa malo. Asodzi ankafuna kudooko, alimi ankafuna kumtunda. Mayi wina wogulitsa usipa anandiloza chala nati, "A wapampando, mukaika kumtunda, mwana wangayu muzikam'bereka ndinu!"

Mlimi wina anamuyankha kuti, "Ndiye mwati ana athu azikakwera sikelo pamodzi ndi ntchentche za usipa wanu?"

Masiku ankatha. Komiti inagwirizana kuti tiyeze mudzi ndi chingwe cha khoka, timange pakati penipeni. Pakatipo panapezeka kuti ndi pakhwawa louma. Tonse tinkadziwa kuti dzinja madzi amadutsa pamenepo, koma aliyense anangokhala chete, kuopa kunenedwa kuti akukokera kwawo.

Tinamaliza Khirisimasi isanafike. A bungwe anajambula zithunzi n'kumapita. Mvula ya mu Januwale inagwetsa zonse.

Lero amayi akukwezetsa ana sikelo pansi pa mtengo wa mango. Ndikaitanitsa msonkhano, ndimakhala ndekha ndi mpando wanga. Ndatopa. Tinataya matumba makumi awiri a simenti, malata khumi ndi asanu, uvuni wathunthu wa njerwa, ndiponso mawu anga m'mudzi muno.